Chrysanthemum akuchita maluwa asanatalike: vuto ndi feteleza, mbewu kapena usiku?

Tiyamike Nkhoma: Moni nonse pa gulu. Funso ili likuchokera kwa alimi a maluwa odula, omwe amagulitsa kwa okongoletsa maukwati ndi oluka nkhata. Akabzala chrysanthemum, timitu ta maluwa timatuluka mbewu ili ndi masentimita 20 kapena 25 basi, pomwe ogula amafuna phesi la masentimita 60 kupita m'tsogolo. Ena awonjezera urea koma palibe chasintha. Ena akuti mbewu yatopa, ndiye afese njere kuti ayambirenso. Mwa ziwirizi cholondola ndi chiti?

Bambo Gondwe: Zonse ziwiri ayi, mayi Nkhoma. Vuto ndi kutalika kwa usiku. Chrysanthemum amayamba kupanga duwa usiku ukapitirira pafupifupi maola 9 ndi theka, ndipo kuti kamutu kaja kakule mpaka kumasula pamafunika usiku wa maola 10 ndi theka kapena kuposa. Tsono taonani dera lathu. Ku Lilongwe tsiku lalitali kwambiri, m'mwezi wa Disembala, limangofika pafupifupi maola 13, ndipo lalifupi, mu Juni, ndi maola 11 ndi mphindi zochepa. Ndiye kuti usiku wathu sutsika pa maola 11 chaka chonse. Mbewu ikangogwira mizu imalandira uthenga woti nthawi ya maluwa yakwana. Nsonga ikasanduka duwa siwonjezanso masamba, ndipo phesi limatsala lalifupi. Urea angonenepetsa masamba ndi kufewetsa phesi.

Ku Netherlands nkhani ndi yotembenuka m'chilimwe chawo: mu Juni tsiku limapitirira maola 16, ndiye amakoka nsalu yakuda kuti atalikitse usiku. Kuno nsaluyo nthawi zambiri ndi yosafunika. Chofunika ndi babu.

Dalitso Kamwendo: Ndiwonjezerepo pa zomwe anena a Gondwe, chifukwa ambiri amaganiza kuti mbewu imawerenga masana. Imawerenga mdima. Mu 1920 Garner ndi Allard ku America ndi amene anaonetsa kuti kutalika kwa tsiku kumalamulira maluwa, ndipo mbewu yomwe inawatsegula maso inali fodya wotchedwa Maryland Mammoth, yemwe ankangokula osachita maluwa m'chilimwe. Mu 1938 Hamner ndi Bonner anapeza kuti ukadula usiku pakati ndi kuwala kwa kanthawi kochepa, mbewu yofuna usiku wautali imalephera kuchita maluwa, koma ukadula masana ndi mdima palibe chimachitika. N'chifukwa chake sitifunika kuyatsa magetsi usiku wonse. Timangoudula usiku kukhala zigawo ziwiri, chilichonse chachifupi kwambiri moti mbewu siiwerenga ngati usiku wautali.

Chimene chimamva kuwalako chili m'masamba, osati pansonga. Ndi puloteni yotchedwa phytochrome, yomwe inapezeka ku Beltsville, ku America, mu 1959, ndipo imasintha ikalandira kuwala kofiira. Ngakhale puloteniyi isanadziwike, Mikhail Chailakhyan wa ku Soviet Union, cha m'ma 1936, anachita kafukufuku pa chrysanthemum yemweyu. Ankaphimba masamba okha kapena nsonga yokha, ndipo maluwa ankabwera pokhapokha masamba akalandira usiku wautali. Phindu la zimenezi kwa mlimi ndi lakuti babu liziwalira masamba okhwima a m'mphepete mwa bedi, osangoti pakati pokha.

Tiyamike Nkhoma: Zamveka bwino. Nanga mababuwo akhale angati, ayikidwe bwanji, ndipo ayake nthawi yanji?

Bambo Gondwe: Muyezo wakale womwe ukugwirabe ntchito ndi uwu: bedi la mita 1.2 m'lifupi, mzere umodzi wa mababu pakati, babu lililonse la mawati 60 la mtundu wakale uja wotentha, motalikirana mita 1.2, ndipo likhale masentimita 60 mpaka 90 pamwamba pa nsonga za mbewu. Cholinga ndi kuwala kosachepera 100 lux (muyezo wa kuwala) pa tsamba lomwe lili kutali kwambiri ndi babu. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi lakale la mawati 60. Musankhe loyera motsamira kuchikasu chifukwa lili ndi kuwala kofiira kochuluka. Labuluu lisakunamizeni, pa mphamvu yochepa chonchi siliimitsa maluwa.

Nthawi yake ndi kuyambira 10 koloko usiku mpaka 2 koloko, maola 4, kuyambira tsiku lenileni lobzala. Mawaya muwamange moti azikwezeka, chifukwa mbewu ikamakula imayandikira babu ndipo za m'mphepete zimagwera mumthunzi wa zinzake. Mababuwo muleke kuwayatsa mbewu ikafika masentimita 30 mpaka 35, zomwe kuno zimatenga masabata 3 mpaka 5 malinga ndi mtundu komanso kuzizira. Ikatero imapitiriza kutalika kwinaku ikupanga maluwa, ndipo phesi limafika muyezo wa msika.

Mayi Nasimango: A Gondwe, pamenepo tisalumphe nkhani ya kuzima kwa magetsi, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Usiku umodzi wokha nthawi zambiri suwononga. Koma magetsi akasowa mausiku atatu kapena anayi motsatizana, nsonga imayamba kusanduka duwa. Magetsi akabwerera, kamutu kaja kamaima panjira. Mumaona kamutu kamodzi kouma pakati, pansi pake pali timasamba towonda ngati zingwe m'malo mwa masamba enieni aja odukaduka, kenako nthambi zitatu kapena zinayi zimaphuka m'mbali n'kukapitirira. Phesi lotere limakhala lopindika ngati chipanda, ndipo wogula salifuna. Sizibwereranso ayi.

Choncho kuli bwino mababu akhale pa batire ndi sola basi, osadalira waya wa pamsewu. Masamu ake ndi ophweka. Bedi la mamita 12 limafuna mababu 10 a mawati 9, onse pamodzi mawati 90. Kwa maola 4 ndi ma watt-hour 360, pa batire ya mavoti 12 ndi ma amp-hour 30. Batire ya asidi isamatsike kupitirira theka, ndiye ya 100Ah imakwanira bwino usiku umodzi. Muyikepo kawotchi kodzizimitsira kokha, osadalira munthu kudzuka 2 koloko.

Dalitso Kamwendo: Pali njira yosungira mphamvu yomwe ofufuza anayesa kalekale: kuyatsa mphindi 6 pa mphindi 30 zilizonse mkati mwa maola 4 aja. Imagwira chifukwa phytochrome ikasinthidwa ndi kuwala imatenga nthawi kuti ibwerere mwakale. Koma muyezowu unapezeka ndi mababu akale otentha komanso kuwala kokwanira. Ndi LED yofooka, yambani mwayesa pa bedi limodzi musanaike munda wonse pachiswe.

Mayi Nasimango: Ndiponso mukazimitsa, muzimitsedi. Getsi la pakhonde kapena loteteza akuba likamawalira kumapeto kwa bedi, mbewu za mbali imeneyo zimachedwa kumasula kapena zimangokhala masamba okhaokha. Mabedi omwe akuyatsidwabe ndi omwe azimitsidwa alekanitsidwe ndi pulasitiki wakuda woimirira pakati, wotalika kupitirira pomwe pali mababu.

Yamikani Zgambo: Funso laling'ono kwa a Gondwe. Mwati nsalu yakuda ndi yosafunika "nthawi zambiri". Ilipo nthawi yomwe imafunika?

Bambo Gondwe: Ilipo, achimwene. Mbewu imamvanso kuwala kwa m'bandakucha ndi kwa chisisira, ndiye mu Disembala ndi Januwale tsiku lake limayandikira maola 13 ndi theka, makamaka kumwera ngati ku Blantyre ndi ku Mulanje. Mitundu ina yochedwa imapanga timitu koma n'kumazengereza kumasula. Pamenepo mukhoza kuphimba kuyambira 5 koloko madzulo mpaka kutada, n'kutsegula usiku kuti mpweya wotentha utuluke, n'kuphimbanso kusanache. Mukasiya pulasitiki wakuda atatsekeka madzulo otentha, mumadzipangira vuto lina: kutentha kwa usiku kukapitirira madigiri 24 kapena 25, maluwa amachedwa ndipo mtundu wake umasuluka. Kuzizira nako n'chimodzimodzi. Usiku ukatsika pansi pa madigiri 15, monga ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi, timitu timatuluka mosiyanasiyana nthawi ndipo bedi silikololedwa kamodzi.

Tiyamike Nkhoma: Tibwerere ku mbali yachiwiri ija. Kodi kufesa njere kulibiretu phindu?

Aphunzitsi Chirwa: Kwa wofuna maluwa ofanana oti agulitse, kulibe. Kwa wofuna kupanga mtundu watsopano, njere ndiye khomo. Chrysanthemum wa m'minda ali ndi makromozomu (tinthu ta m'maselo tosunga chibadwa) 54, kutanthauza kuti gulu lililonse lilipo kasanu ndi kamodzi, pomwe mbewu zambiri zili nalo kawiri. Komanso ambiri amakana mungu wawo womwe. Zotsatira zake, njere za duwa limodzi zimabala ana osiyana mtundu, msinkhu, kuchuluka kwa timasamba ta duwa komanso nthawi yomasula. Mayi woyera wodzaza bwino akhoza kubala mwana wachikasu wa mzere umodzi. Mtundu uliwonse womwe uli pamsika unachokera ku mbewu imodzi yokha, ndipo wakhala ukuchulukitsidwa ndi nsonga zodula.

Ndiye mbewu yomwe akuti yatopa ija, kawirikawiri vuto ndi mbewu zamayi zomwe akudulako nsongazo. Nazo ziyenera kukhala pansi pa babu usiku uliwonse moyo wake wonse. Nsonga yodulidwa ku mbewu yomwe yayamba kale kupanga duwa imabwera ndi duwalo mkati, ngakhale maso sakuliona. Muthyole nsonga ya masentimita 5 mpaka 7 yokhala ndi masamba atatu kapena anayi, ndi zala osati mpeni, muviike kunsi kwake mu ufa womeretsa mizu wa IBA wa 0.1 mpaka 0.2 peresenti, muzike mumchenga wa kumtsinje wotsuka kapena wosakaniza ndi mankhusu a mpunga owotcha, pamthunzi, muziwaza madzi pafupipafupi. Mizu imagwira pa masiku 10 mpaka 14. Nazale nayo ikhale ndi babu. Mbewu zamayi muzisinthe pakatha miyezi itatu kapena inayi, chifukwa zikakalamba zimayamba kupanga timitu ngakhale magetsi akuyaka.

Yamikani Zgambo: Chifukwa chiyani zala osati mpeni, aphunzitsi?

Aphunzitsi Chirwa: Pali matenda otchedwa chrysanthemum stunt viroid omwe amayenda ndi madzi a mbewu pa mpeni. Mbewu yodwala imafupika, imamasula msanga, duwa limachepa ndipo lofiira limaoneka losuluka. Alibe mankhwala, kwake n'kuzula n'kutentha. Apa ndi pokhapo pomwe mawu oti mbewu yatopa ali ndi choonadi. Kusiyanitsa kwake n'kotere: ngati bedi lonse lafupika mofanana, ndi usiku. Ngati mwayatsa bwino koma mbewu zina apo ndi apo n'zopinimbira pakati pa zinzake zazitali, kayikirani matendawa.

Mayi Nasimango: Pa nkhani yotenga mbewu kwina tisamale kwambiri. Kantchentche koboola masamba kotchedwa Liriomyza trifolii kanalowa mu Kenya mu 1976 kudzera mu nsonga za chrysanthemum zochokera ku Florida, ndipo lero kamavutitsa ndiwo zamasamba zomwe. Palinso chiwawu choyera, Puccinia horiana: pamwamba pa tsamba timadontho tachikasu tolowa mkati, kunsi kwake timatuza toyera. Chimakonda nyengo yozizirira ndi masamba onyowa kwa maola angapo. Mbewu zatsopano zikhale pazokha masabata atatu musanaziphatikize, ndipo kuthirira kukhale kwa m'mawa, pansi, osati pamasamba madzulo.

Dalitso Kamwendo: Aphunzitsi, popeza mwatsegula khomo la njere, tafotokozani kakwatitsidwe kake. Ambiri amangopaka duwa pa linzake n'kumadikira.

Aphunzitsi Chirwa: Choyamba n'kudziwa kuti chomwe timachitcha duwa limodzi ndi mtolo wa timaluwa tambirimbiri. Ta m'mphepete, tomwe tili ndi kasamba kautoto katali, n'tachikazi tokhatokha. Ta pakati, timachubu tachikasu tija, tili ndi mbali zonse ziwiri ndipo ndi tomwe timatulutsa mungu. Mitundu yodzaza kwambiri imakhala ndi ta pakati tochepa kapena ayi, ndiye imayenera kukhala mayi. Bambo musankhe wa pakati poonekera.

Duwa la mayi likangoyamba kutseguka, tengani sizasi yaing'ono mumete timasamba tautoto tija mpaka patsale mamilimita ochepa, mosamala kuti musadule kamutu kachikazi komwe kali mkati mwa kachubu. Timaluwa ta pakati muzule ndi kopanira tisanatulutse mungu. Muveke thumba la pepala, osati la pulasitiki chifukwa limachita thukuta n'kuoletsa. Pakapita masiku awiri kapena atatu muona timitu tachikazi tatuluka n'kugawika pawiri ngati chilembo Y. Imeneyo ndiyo nthawi yake. Mungu mutenge ndi kaburashi kofewa cha m'ma 10 koloko m'mawa mame atauma, ndipo muugwiritse ntchito tsiku lomwelo chifukwa sukhalitsa. Timaluwa timakhwima kuyambira kunja kulowa mkati, ndiye mubwereze masiku awiri aliwonse kwa sabata imodzi kapena kupitirira. Burashi muiviike mu spiriti n'kuiumitsa musanasinthe bambo. Pa phesi mumangepo kapepala kolemba mayi, bambo ndi tsiku.

Njere zimakhwima pa masabata 6 mpaka 8. Mdani wamkulu nthawi imeneyi ndi chuku chotuwa chomwe chimaoletsa mutu wonse, n'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino m'chilimwe kapena pansi pa denga. Mutu ukauma muufikise papepala loyera. Njere zenizeni n'zolimba ndi zodera, mankhusu ndi opyapyala. Musadabwe kupeza zisanu zokha kapena osapeza n'imodzi yomwe, popeza makolo apachibale amakanana. Zimamera pa sabata imodzi kapena ziwiri pa madigiri 18 mpaka 21.

Bambo Gondwe: Ndipo apa babu lija limabweranso. Mtundu uliwonse uli ndi masabata ake kuchokera tsiku lozimitsa kufika pomasula, ina 7, ina 8, ina 9 mpaka kupitirira 12. Ngati mayi ndi wa masabata 9 ndipo bambo ndi wa 7, mayi mumuzimitsire masabata awiri bambo asanazimitsiridwe kuti akumane. Kuli bwinonso bambo abzalidwe kawiri motalikirana sabata imodzi kuti mungu usathe mayi akadali wokonzeka.

Aphunzitsi Chirwa: Zoona. Posankha ana, mbande zonse zilandire magetsi masiku ofanana ndipo zizimitsiridwe tsiku limodzi, apo ayi mukhala mukuyerekeza kasamalidwe m'malo mwa chibadwa. Diso limathamangira utoto, koma cholembera chiyambe ndi zina: masiku kufika pomasula, kutalika ndi kulimba kwa phesi, ngati masamba a m'munsi akuuma msanga, ndi masiku omwe duwa limakhala m'botolo la madzi. Oyesa amaliika m'chipinda cha madigiri 20, chinyezi cha 60 peresenti, kuwala maola 12 patsiku. Yomwe yapambana muidule phesi, muibwezere pansi pa babu kuti iphuke, mutengeko nsonga 10 kapena 20, muyesenso nyengo yozizira ndi yotentha. Mbewu yochokera ku njere imakhala ndi mphamvu zomwe nthawi zina siziwonekanso pa nsonga zake. Makampani a ku Netherlands amafesa mbande zikwizikwi kuti atsale ndi zochepa kwambiri. Kwa ife khalidwe lofunika kulisaka ndi ili: mbewu yochedwa kupanga duwa pa usiku wa maola 11, komanso yosachedwa kumasula kukatentha.

Yamikani Zgambo: Nanga zimatheka bwanji kuti pamsika pamapezeka mtundu umodzi, maonekedwe ofanana ndendende, koma woyera, wachikasu ndi wapinki? Amenewo si ana a njere?

Dalitso Kamwendo: Ayi, amenewo ndi kusintha kwa chibadwa pa nthambi imodzi. Nthawi zina pa mbewu yapinki pamatuluka nthambi ya duwa loyera kapena lachikasu, kapena duwa logawika mitundu iwiri ngati chidutswa cha keke. Nthambiyo mukaichulukitsa ndi nsonga mumapeza mtundu watsopano womwe kasamalidwe kake n'kofanana ndi kholo, zomwe alimi amazikonda chifukwa onse amabzalidwa bedi limodzi. Kusinthaku kuli ndi njira yake. Wapinki amatha kubala woyera, wofiirira ngati mkuwa, wofiira kapena wachikasu. Woyera amabala wachikasu. Wachikasu ndiye mapeto, sabwerera. Chifukwa chake chinafotokozedwa ndi gulu la Akemi Ohmiya ku Japan mu 2006: duwa loyera nalo limapanga utoto wachikasu, koma lili ndi jini (kachidutswa ka chibadwa) yotchedwa CmCCD4a yomwe imauphwanya. Jiniyo ikatayika chikasu chimaonekera, ndipo chotayika sichibwerera chokha.

Ofufuza amafulumizitsa zimenezi powomba nsonga zamizu ndi cheza cha gamma kapena X-ray, pa mlingo wa 10 mpaka 20 Gy (muyezo wa cheza), kenako n'kumathyola nsonga kangapo kuti maselo osinthika apeze nthambi yawoyawo. Imeneyo ndi ntchito ya malo ofufuzira okhala ndi chilolezo. Mlimi gawo lake n'kuyang'anitsitsa bedi lisanakololedwe n'kumanga kansalu pa phesi lachilendo.

Aphunzitsi Chirwa: Chenjezo limodzi pa mitundu yotereyi. Kusinthako kawirikawiri kumakhala pa khungu lakunja lokha la maselo, pomwe mungu ndi njere zimachokera ku gawo lamkati. Ndiye wachikasu wochokera kwa woyera mukamugwiritsa ntchito ngati kholo, akhoza kubereka ngati woyera uja. Ndipo nsonga zake muzisankha nthawi zonse kuchokera ku mbewu zomwe duwa lake ndi la mtundu umodzi thupi lonse, zamawangamawanga muzichotse.

Tiyamike Nkhoma: Okongoletsa amafunsanso abuluu.

Dalitso Kamwendo: Omwe amagulitsidwa ndi oyera omwetsedwa utoto, ndipo nsonga zake zidzabala oyera. Chrysanthemum alibe jini yopangira utoto wabuluu, choncho kukwatitsa sikungaubweretse. Wabuluu weniweni anapangidwa ku Japan ndi Naonobu Noda ndi anzake mu 2017, poika majini awiri ochokera ku maluwa ena, Campanula medium ndi Clitoria ternatea.

Mayi Nasimango: Ndimalize ndi a m'miphika, chifukwa kumeneko timafuna zosiyana: mbewu yaifupi yodzaza. Magetsi akhale a sabata imodzi kapena ziwiri zokha, muthyole nsonga kusiya masamba 6 kapena 7, ndipo mphukira zikafika masentimita 3 mpaka 5 mupopere daminozide, yemwe amagulitsidwa ngati B-Nine kapena Alar. Ufa wa 85 peresenti, magalamu 3 pa lita imodzi, umapereka pafupifupi 2,500 ppm (magawo 2,500 pa miliyoni). Amachepetsa gibberellin, timadzi tomwe timatalikitsa mfundo za phesi. Mupopere madzulo kapena kuli mitambo, masamba ali ouma koma mbewu itamwa, ndipo masambawo asanyowe kwa tsiku lathunthu chifukwa mankhwalawa amalowa pang'onopang'ono. Timitu tikayamba kuonetsa utoto musapoperenso, apinki amasuluka ndipo oyera amada ngati kirimu. Ndi a maluwa okha, asayandikire ndiwo kapena zipatso. Paclobutrazol ndi wamphamvu kwambiri kuposa ameneyu ndipo amatsalira m'dothi ndi m'miphika, moti mphika wogwiritsidwanso ntchito osatsuka umapinimbiritsa mbewu yotsatira.

Tiyamike Nkhoma: Zikomo nonse. Funso lotsiriza kwa a Gondwe: bedi lomwe laonetsa kale timitu pa masentimita 20, lingapulumuke?

Bambo Gondwe: Phesi limenelo ayi, koma mbewu inde. Muidule kusiya masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pansi, muyatse mababu usiku womwewo, muthire feteleza pang'ono. Mphukira zoyamba za pamwamba zimabwera ndi timitu chifukwa zinalandira kale uthenga, zimenezo muzithyole. Zachiwiri zochokera kunsi zikatuluka ndi masamba enieni odukaduka, musiye ziwiri kapena zitatu pa phando ngati mukufuna maluwa, kapena mutengeko nsonga za nazale yatsopano. Muyale neti yochirikiza mapesi ya mabowo a masentimita 12.5 mphukira zisanatalike, n'kumaikweza sabata iliyonse.